Pa Thumba la Feteleza, ku Biwi

Yotamu wabwera nayo chokankha kuchokera ku Chinsapo,
thukuta lili kamukamu,
chipewa cholimba chili lende pachigongono ngati dengu.
Akuti inatsokomola kawiri pa mlatho wa Lilongwe,
kachitatu n'kungoti zii,
kumbuyo kuli mayi wonyamula mazira.

Ndayamba ndi oilo.
Watuluka wakuda bii, wochepa,
osafika n'komwe pakati pa chigubu chodula.
Ndamutikita pazala: timchenga tonyezimira.
Chitsulo chikamadya chinzake
sichimemeza anthu.

Fanizo, yala thumba la feteleza,
mbali yoyerayo m'mwamba.
Chotuluka choyamba chikhale kumanzere,
mnzake pambali pake, motsatana
ngati anthu a pamzere wa petulo.
Anandiphunzitsa choncho a Kachigamba,
chala chawo chimodzi chitatsalira m'tcheni:
kuphwasula n'kwa aliyense, mphwanga,
mwana wa zaka zinayi amaphwasula wailesi.

Pulagi yavala mwaye.
Kabureta yasunga fumbi la ku Mtandire,
lofiira, lomwe lija limalowa m'mano.
Mabawuti atatu amvera sipanala,
lachinayi lakana.
Wina analimanga ndi mkwiyo,
mutu wake n'kuusiya wozungulira ngati ndalama yachitsulo.
Ndalinyengerera ndi palafini,
ndalipatsa nthawi yoti liganize,
kenaka hamala ndi tchizulo.
Gwe! Khungu la pachala changa lapita nalo.

Yotamu wakhala pa ndowa yovundikira.
Sakuyang'ana ine, akuyang'ana manja anga
monga amayang'anira anthu pakhonde la chipatala
chitseko chikangoti kwee.

Mutu wa injini wachoka.
Gasiketi si gasiketi,
ndi katoni ya sopo yodulidwa ndi lezala,
zilembo zikuwerengekabe.
Ndamuonetsa. Waseka pang'ono, wagwetsa nkhope.
Unali mwezi wa fizi, akutero.

Pisitoni yakalika mbali imodzi,
mizere yotsika ngati mphaka wanolerapo zikhadabo.
Maling'i awiri athyoka, kachidutswa kena sikakuoneka,
kali pansi penapake m'magiya
ndipo sindigona ndisanakapeze.
Zonse zalembedwa muno:
chitunda cha ku Kauma ndi anthu atatu pampando,
matumba a makala, mbuzi yomangidwa miyendo,
mamawa uliwonse wonyamuka injini isanafunde,
Lolemba lililonse limene ndalama ya oilo
inapita kwa mwini njinga ku Area 25,
amene salandira nkhani, amalandira ndalama.

Zikwana zingati, bwana?

Sindinayankhe msanga.
Ndatsuka beling'i m'beseni la petulo,
ndaizunguza pafupi ndi khutu.
Ikulira ngati mpunga wosapeta.
Ndatchula mtengo wa pisitoni kwa amwenye,
ndatchulanso wa yakale, kuseri kwa msika,
kwa mnyamata amene safunsidwa kumene wazitenga.
Yotamu wawerenga zala, wabwerezanso,
ngati zingachuluke.

Dzuwa lapendeka, owotcherera zitsulo azima moto wawo.
Pathumba pagona njinga yonse, zidutswa makumi asanu ndi mphambu,
chilichonse chopepuka m'dzanja,
chilichonse chosalakwa pachokha.
Chimango chaima apo chili pululu,
mphepo ikudutsa pamene panali phokoso.

Fanizo watola kawashala kamene kanagubuduzikira m'fumbi,
akufunsa kuti n'ka pati.
Sindikudziwa. Ndakaika m'thumba la malaya.
Mawa kadzandiuza kokha,
kapena mkuja, Yotamu akapeza ndalama.

Kumpoto kwachita mdima, mvula ikununkhira.
Tafunditsa zonse lona, njerwa m'makona anayi.
Yotamu wavala chipewa chake cholimba, wamanga lamba pachibwano,
wauyamba wapansi ulendo wa ku Chinsapo.
Pamphambano anzake akumuimbira mabelu,
mmodzi waima, akumufunsa ngati akwere.